Za bokosi timasonkha tsiku limodzi, za helimeti timati mawa

Akonzi,

Ndipatseniko kadanga mu nyuzi yanuyi ndilireko mkulu wanga, komanso ndiyankhule ndi anzanga a kabaza wa njinga zamoto. Ndikudziwa ambiri sagula nyuzi koma pamakhala wina amajambula tsamba nkuponya pa gulupu ya WhatsApp nde mawuwa awafika basi. Ine ndimagwira kabaza kuno ku Lilongwe, siteji yathu ili mbali ya ku Area 25. Mwezi wathawu taika m'manda munthu amene anatiphunzitsa ntchito pafupifupi tonse pa siteji pathu. Dzina sindilemba poti akubanja sindinawapemphe, koma anyamata a mbali ino adziwa, komanso amayi a geni amene ankawanyamulira madengu a tomato ndi matumba a kabichi m'bandakucha adziwa kuti ndikunena ndani.

Sanali m'bale wanga wa magazi koma ndinkawaitana achimwene ndipo sikunali kunamizira. Kwawo ndi ku Dowa, mbali ya ku Mponela. Anayamba ndi kabaza wa njinga yakapalasa, ija ya kakhushoni kumbuyo, kukwera zitunda ndi munthu ndi thumba lake la chimanga mpakana mawondo anayamba kuwavuta. Atabwera mtauni anagwira njinga ya bwana, ya tageti, tsiku lililonse kupereka ndalama yomwe munapangana kaya kwagwa mvula kaya wadzuka ndi malungo kaya makasitomala kulibe, zotsalazo nde zako koma mafuta ndi ako, chigamba ndi chako, ukagwidwa ndi zako. Amene sanayendetsepo ya tageti sangamvetse chifukwa chomwe anyamata amathamangira chonchi mumsewu, amangoti achamba, pomwe munthu dzuwa likulowa ya bwana siinakwane ndipo kunyumba wasiya mulibe ufa. Achimwenewa anapirira mpaka anapeza bwana wina wachilungamo amene anati mukamaliza miyezi yakuti njinga ikhala yanu, ndipo inakhaladi yawo, ka Lifo kofiira, kakale ndithu koma kosamalika kuposa zatsopano zambiri mukuziona zikufuka utsi mtaunimu.

Mnyamata watsopano akafika pa siteji ena amangofuna ya kulowera basi, koma iwowa ankayamba amunjutitsa pambali pa njinga, gwira tcheni, taona yakhwepa iyi, oyilo unasintha liti, buleki ya kumbuyo ikugwira? Ankati thiraki usamaipitirire cha kumanzere olo danga lioneke lalikulu bwanji, dalaivala sakukuona ndipo ikamakhota matayala a kumbuyo amadula kona. Pa raundabauti ankati usamakhulupirire indiketa ya munthu, uziyang'ana komwe tayala lake lalunjika. Mvula yoyamba ikagwa ankaimika njinga pakhonde la golosale nkumadikira, amati tala amaterera kwambiri ndi mvula yoyamba poti fumbi ndi oyilo za chilimwe chonse zimayandama pamwamba. Usiku kasitomala wosamudziwa akati tipite kwakuti kopanda nyumba ankakana olo atchule ndalama yochuluka, amadziwa kuti anzathu angapo anakhapidwa choncho ndi mbava zonamizira kukwera. Anthu awiri kumbuyo sankanyamula. Mahelimeti anali nawo awiri, ina ya kasitomala, ukakana kuvala ankangoti pepani mayi kwerani ina, opanda kukwiya. Anyamata ankawaseka, kuwatcha abusa, ena kumati mdala uyu adzafa wosauka. Koma kafunseni kuti ndani amene azimayi ankamuimbira kuti akawatengere ana ku sukulu, ndani amene ankapatsidwa ndalama za eni kukagula katundu mtauni mwini wake osawerenga nkomwe chenji.

Ndiye taonani imfa kupanda manyazi, munthu wosamala chonchiyo ndi amene yatenga. Ankachokera kokasiya kasitomala ku Lumbadzi, kutayamba kachisisira, pa M1 asanafike ku Kanengo, ali mbali yawo, helimeti kumutu, rifulekita atavala. Galimoto inawaomba kumbuyo nkupitirira, osaima olo pang'ono. Amene anali pafupi akuti anangomva chiphokoso, pocheuka galimoto ili uko.

Chomwe chikundidya mumtima mpaka lero ndi zomwe zinachitika pamenepo. Anthu anakhamukira, ambiri ndithu, ndipo choyamba kutuluka anali mafoni. Munthu ali gone m'mbali mwa msewu akupuma, akubuula, anthu kalikiliki kujambula, wina mpaka vidiyo akufotokozera ndi pakamwa. Zithunzizo zinayenda m'magulupu, zinafika pa gulupu yathu, zinafikanso pa foni ya neba wa alamu athu, ndipo umu ndi mmene mayi wa ana atatu anadziwira kuti amuna awo achita ngozi, kuona nsapato zomwe anazipukuta yekha m'mawa zili pa chithunzi cha magazi, pansi pake atalemba kuti amene akumudziwa uyu auze abale. Kodi tinafika pati abale? Kwathu uthenga wa zovuta amatuma akulu, amabwera awiri, amakhala kaye pansi, amayamba ndi kuti matenda akula, kuti mtima wa munthu uyambe wakonzeka. Lero mwana wa sukulu ndi amene akuuza mayi ake kuti taonani pa foni awa si adadi.

Galimoto zingapo zinadutsa osaima, ena amaopa kuti ukanyamula wovulala usanduka mboni uzingoyenda ku polisi, ena amaopa magazi pa mipando. Amene anaima ndi bambo wina wa pikapu atanyamula matumba, anatsitsa matumba ena pansi nkuwagoneka achimwene, anakawasiya kuchipatala nkuchoka osatchula dzina. Bambo inu ngati mukuwerenga, Mulungu akuonjezereni pomwe munachotsa.

Kuchipatala anayesetsa, anamwino ndi madokotala sindingawanene kanthu. Mutu unali bwinobwino, helimeti inagwira ntchito yake, koma m'chifuwa ndi m'mimba munali mutaonongeka ndipo magazi anali atataya ambiri nthawi yomwe anagona pamsewu ija. Ndinawapeza ali moyo, anandizindikira, chomwe anafunsa ndi njinga, eti yasungidwa pabwino? Patapita masiku ochepa anatisiya.

Amene amaona ngati nkhani ya ngozi za kabaza ndi yokokomeza apite ku LION, chipatala cha mafupa chija anamanga pafupi ndi Kamuzu Central, kapena ku Queens ku Blantyre, akaone okha anyamata atagona ndi zitsulo zotulukira m'miyendo, ena oyendetsa, ena makasitomala, ena ankangooloka msewu. Mwendo ukathyoka kwa wakabaza ndi miyezi osagwira ntchito, lendi ikuwerenga, bwana watenga njinga wapatsa wina, mkazi wayamba kugulitsa mapoto. Ndipo nkhani ikatuluka imangoti wakabaza wina wafa pa ngozi, pa Facebook anthu nkumalemba kuti achepeko amenewa atitopetsa. Ndinawerenga ndemanga zoterozo pansi pa chithunzi cha achimwene, anthu amene mwina anakwerapo njinga yawo.

Pa siteji pano sipakukoma. Iwo ndi amene ankaweruza tikakanganirana kasitomala, amangoti iwe unanyamula uja wa kumsika, msiyire mnzako, nkhani yatha. Mnyamata akagwa mphwayi ankamubwereka ya mafuta osalemba paliponse. Anali wa Manoma wosasunthika, ine wa Maule, Lolemba lililonse pambuyo pa gemu tinkayamba tanyozana kaye tisanapatsane moni, akaluza ankabwera mochedwa dala. Pano Lolemba likumangodutsa. Foni yawo ili ndi alamu ndipo makasitomala ena akuimbabe, ankolo muli kuti ndadikira, alamu nkumafotokoza kachikena, tsiku lina anangondipatsa foniyo kuti yankhani inu ine ndatopa.

Tsopano anzanga apa nde pali nkhani yanga yeniyeni. Uthenga utangomveka kuti achimwene atisiya ndalama zinayamba kulowa, Airtel Money, Mpamba, ena kubweretsa pamanja. Masiteji a ku Kawale, Biwi, Area 23, Chinsapo, Mtandire, Kauma, anthu oti sanawaonepo nkhope anasonkha. Dzuwa lisanalowe ya bokosi inali itakwana, bokosi labwino la ku Mchesi la zogwirira zonyezimira, ya galimoto yonyamula thupi inakwana, ya ufa, nyemba, nkhuni, shuga wa pa siwa, nkhata, zonse. Usiku anyamata anagona panja pa moto mpaka kucha, kuimba nawo nyimbo ndi amayi a mvano. Pa zimenezi sindingakunyozeni ayi, maliro nkulirana ndipo munalira nafe, akubanja anathokoza inenso ndikuthokoza.

Koma achimwene omwewa chaka chatha anabwera ndi kope pa siteji. Anati tiyeni tiyambe chipereganyu, tsiku lililonse aliyense kangachepe, sabata ikatha mmodzi atenge akagule helimeti yeniyeni osati zija zimang'aluka ukangozigwetsa pa simenti, sabata inayo wina akayambe za laisensi, wina akadule inshuwalansi, tizipita choncho mpakana siteji yonse ikhale ndi mapepala. Analembetsa anthu ochepa, chinayenda pang'ono nkufa, uyu akuti lero sizinayende, uyu akuti ndipereka mawa, wina atalandira yake anakagula sipika yomangirira pa njinga kuti azimvera nyimbo. Anthu omwewo, matumba omwewo, ya helimeti inasowa chaka chathunthu koma ya bokosi inapezeka tsiku limodzi. Ndimati ndikagona ndizilingalira zimenezi tulo osabwera. Mwina nchifukwa choti pa maliro mayina amawerengedwa pagulu, siteji yakuti yapereka zakuti, anthu nkuombera m'manja, pomwe ukagula helimeti palibe amakutchula.

Ndipo ulendo wa ku Dowa uja, tiyeni tinene chilungamo, unali wochititsa manyazi. Kuperekeza mnzathu ndi mdipiti wa njinga ndi chinthu chokongola, anthu m'mbali mwa msewu amaima, azibambo amavula zipewa, amadziwa kuti wapitayu anali ndi anzake. Koma anyamata anatseka M1 mbali zonse ziwiri, mahutala okhaokha, atatuatatu pa njinga opanda helimeti, ena kuimirira pa mpando njinga ikuyenda, ena kudzutsa tayala la kutsogolo, timabotolo ta mowa m'matumba a majekete. Tinadutsa pamalo penipeni pomwe anagundidwira achimwene, tizidutswa ta nyali ya njinga yawo tikadali m'mbali mwa tala, anyamata ali pa mpikisano wa liwiro. Tisanafike pa Mponela mmodzi anagwa dzanja nkuthyoka, galimoto imodzi ya operekeza inachita kupatuka naye kupita kuchipatala m'malo mopita kumanda.

Kumudzi nakonso, abusa akulalikira, akwaya akuimba, kuseri anyamata akuliza mainjini akuti ndi ulemu womaliza. Amfumu anachita kuimirira kupempha bata, adzukulu anakwiya anatsala pang'ono kunyanyala, ndipo mukudziwa adzukulu akaika makasu pansi maliro saikidwa mpaka mupepese. Mayi awo a malemu, gogo wokalamba woti amayenda ndi ndodo, anafunsa amene anakhala naye pafupi kuti kodi ana awa abwera kudzalira mwana wanga kapena kuli chinamwali. Munthu amene moyo wake wonse ankakana kunyamula awiri kumbuyo, kumuperekeza chonchi? Akanakhala kuti amadzuka bwenzi atatilanda makiyi tonse.

Kwa inu amene munawagunda, kaya munali mutamwa, kaya munali pa foni, kaya simunawaone, mukudziwa nokha ndi Mulungu wanu. Mukanaima nkuwanyamula nthawi yomweyo mwina bwenzi pano tikukamba za nthiti zothyoka osati za manda. Ndipo inshuwalansi ija lamulo limakakamiza galimoto iliyonse kukhala nayo ntchito yake ndi imeneyi, kupepesa munthu amene wavulazidwa kapena banja lomwe wasiya. Pothawa munathawa nazo zonsezo, alamu athu alibe poyambira poti nambala ya galimoto palibe anaigwira. A galimoto ena nonse, ife sitikwera njinga chifukwa choikonda mvula ndi fumbi, ndi ofesi yathu imeneyi, mukamatipitirira tisiyireniko mpata osati kutikhudza ndi galasi, ndipo usiku mukakumana nafe tsitsani magetsi, mukatithira aja owala kwambiri sitiona dzenje sitiona munthu. Misewu yatsopano ya mu Lilongwe ndi yotakasuka zoona koma yaonjezeranso liwiro, wa njinga amakhala pakati pa minibasi yoima paliponse ndi galimoto yothamanga.

Koma anzanga apanso tisadziyeretse. Funsani madalaivala, ambiri amauzana kuti ukagunda wakabaza usaime, chifukwa mphindi zochepa njinga zakuzungulira, palibe akufunsa kuti walakwa ndani, magalasi aphwanyidwa, iwe wamenyedwa, pena galimoto kufuna kuiyatsa. Mbiri imeneyi tinaipanga tokha ndipo amene akuilipira ndi mnzathu amene wagona pa tala kusowa womunyamula. Sindikuikira kumbuyo amene anathawa uja, iye akanatha kuthawira ku polisi nkukanena kuti kwakuti kuli munthu, sanatero. Koma ngati tikufuna wa galimoto aziima tiyenera tisiye kugenda, tizigwira nambala, tizinyamula wovulala, zinazo akamalize apolisi ndi a khoti.

Sindikunena kuti anyamata alibe mapepala chifukwa cha mwano chabe. Kulembetsa njinga, laisensi, inshuwalansi, ukaziphatikiza ndi ndalama yoti munthu wa tageti sangaigwire pakamodzi. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 matayala, tcheni, mapulagi, oyilo zonse zinakwera, koma kasitomala amafunabe mtengo wakale, ukakweza amangopita kwa mnzako wa pambali. Mafuta akasowa timagona pa mzere kapena kugula a m'zigubu odula moti tsiku lonse wagwirira wogulitsa mafuta. Njinga zambiri zilibe nambala, zina zinalowa m'njira zachidule kuchokera ku Mozambique, ndipo munthu wopanda mapepala akaona apolisi apamsewu kutsogolo amatembenuka mwadzidzidzi, amalowa mbali yolakwika, amadumphira m'tinjira ta oyenda pansi ali ndi kasitomala kumbuyo, ngozi zina zimayambira pomwepo. Nde pempho langa kwa a Road Traffic ndi a MACOKASA amene amatiyankhulira ndi loti maphunziro ndi mayeso azibwera kufupi, olo pa bwalo la sukulu Loweruka, ndipo ndalama zake tizipereka pang'onopang'ono. Ambiri mwa ife anaphunzira kuyendetsa pa bwalo la mpira madzulo amodzi, m'mawa mwake wanyamula mayi ndi mwana kumsana, buku la malamulo a pamsewu sanaligwirepo. Pa siteji pathu amene ankatseka dzenje limeneli ndi achimwenewa.

Makasitomala nanunso mutithandize. Helimeti mumakana, akuti tsitsi ndangomangitsa kumene, akuti ikununkha thukuta la eni, mumabwera awiri kufuna njinga imodzi kuti mugawane mtengo, mukakwera nkumati thamangani ankolo ndachedwa kuntchito. Valani duku mkati ngati mukunyansidwa, ndipo wakabaza akanunkha mowa tsikani, musachite naye manyazi.

Za alamu athu, kumaliro komweko tinamva manong'onong'o, ena akuchimuna akufunsa kuti njinga ili kuti, makiyi ali ndi ndani, thupi lisanalowe nkomwe m'manda. Mwamwayi malume awo a malemu, mwini mbumba, anayankhula mosapsatira kuti katundu yense ndi wa ana ndi mayi awo, nkhani inathera pomwepo. Koma si mabanja onse ali ndi malume otere. Akazi a anzathu ambiri sadziwa kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa masiye ndi mlandu, ndipo mkazi ndi ana ndi amene ali patsogolo, nde njinga imapita ndi mchimwene wa malemu ana nkusiya sukulu ife tikuonerera, pomwe tinali tonse pa maliro kulonjeza kuti sitidzakutayani. Njinga ya achimwene yapindika limu la kumbuyo ndi mashoko koma injini ili bwino, makaniko wathu wati aikonza osalipiritsa ntchito, ife tigula masipeya, tipeze mnyamata wodekha aziyendetsa tageti izipita kwa alamu, mwana wamkulu ali Fomu 2 fizi isaime.

Kope lija alamu atipatsa, mayina a amene analembetsa alimo ndi zomwe aliyense anapereka, zolembedwa bwinobwino ndi dzanja lawo. Lamulungu likudzali tikaweruka ku tchalitchi tikumana pa siteji tiyambirenso chipereganyu, ndipo ine ndikapempha kuti amene sakufuna kulowa asamaime pa mzere wathu, wokwiya akwiye. Masiteji ena amene munasonkha nafe mukhoza kutumiza munthu adzamve mmene tikonzere, tikambiranenso za kayendedwe ka pa maliro, kuti tiziyenda mbali imodzi, helimeti kumutu, woledzera azikwera lole.

Ndipo ngati alipo amene anali pa M1 madzulo amenewo pakati pa Lumbadzi ndi Kanengo nkuiona galimoto ija, mtundu wake, olo manambala awiri okha, kapena makaniko amene analandira galimoto yophwanyika bampala ndi nyali ya kutsogolo masiku amenewo, chonde pitani ku polisi ya Kanengo kapena ina iliyonse yomwe muli nayo pafupi mukanene. Inu munajambula aja onaninso m'mafoni mwanumo mwina ilimo, mukatero mufufute zithunzi za achimwene, ana awo akukula ndipo wamkuluyo foni amaidziwa kale.

Wakabaza mnzawo,
Area 25, Lilongwe